Mu Sutikesi ya a Lungu Munali Ciani? Kumvelanso Nyimbo ya Pilato

Pa 5 June 2025, uthenga utafika wakuti a Edgar Chagwa Lungu amwalila ku cipatala ku Pretoria, mafoni a mu komboni anadzala ndi nyimbo. Ena anatumiza za malilo, ena anabweza "Dununa Reverse" ya kampeni ya 2016, ndipo ena anatumizilana mwakacetecete ija ya Pilato ya mu 2015, "A Lungu Anabwela". Ndinafunsa mphwanga, amene anali mu Giledi 3 pamene nyimboyi inatuluka, kuti andiuze zimene adziwa za a Lungu asanakhale pulezidenti. Anachula zinthu ziwili cabe: Chawama ndi Jameson. Zonse ziwili anazitenga mu nyimbo.

Sindinadabwe. Ambili a ife sitinaphunzile mbili ya andale m'mabuku. Tinaimva pa sipika ya minibasi, pa bala ndi pa kantemba ka wometa. Woimba ndiye amatilembela mbili. N'cifukwa cake nyimbo imeneyi iyenela kuyesedwa monga mmene tingayesele buku la moyo wa munthu: inakamba ciani, inasiya ciani, ndipo zimene inasiyazo zinatitayitsa ciani. Ndivomeleletu kuti ndimaikonda nyimboyi. Koma ndikaimvela lelo, patapita zaka zonsezi, ndiona kuti inatiseketsa kwambili pa malo pamene panali posavuta, ndipo inadumpha malo amene anali ofunika kwa ife a mu komboni.

Ndinaimva koyamba mu basi yocoka ku Chilenje kupita mu tauni. Kondakitala anaiika kucokela pa foni yake. Mau asanayambe, agogo ena amene anakhala kumbuyo anayamba kale kugwedeza mutu, cifukwa kaimbidwe kake anakadziwa. Mau atayamba, basi yonse inafa nako kuseka. Tili pafupi kufika pa siteshoni, dalaivala anaceuka n'kuuza mnyamata wake kuti, "Iwe zimya, ufuna ma kada atiphwanyile magalasi?" Pa ulendo umodzi umenewo ndinaona zonse zimene nyimboyi inali nazo: cikumbukilo ca akulu, nthabwala za acinyamata, ndi mantha.

Agogo aja anagwedeza mutu cifukwa Pilato anabweleka nyimbo ya kale, "A Phiri Anabwera", ya Nashil Pichen Kazembe, woimba wa ku Luapula amene anachuka ali ku Nairobi. Nyimbo ya m'ma 1970 imeneyo ikamba za munthu amene anapita kukasewenza kutali, anakhalako zaka zambili, ndipo anabwelela kumudzi ndi sutikesi yopanda kanthu. Inakhudza mitima cifukwa banja lililonse linali ndi a Phiri ake: amalume amene anapita ku migodi ya ku Copperbelt, ku Wankie kapena ku Joni, anthu n'kumayembekeza njinga ndi mabulangete, koma iwo anabwela ndi cifuwa ndi manyazi. Sutikesi ija inali ciweluzo ca moyo wonse wa munthu.

Luso la Pilato lili pa mmene anatembenuzila ulendowo. A Phiri acoka ku tauni kupita kumudzi, ndipo manyazi ndi ao okha. A Lungu a mu nyimbo acoka ku Chawama kupita ku State House, ndipo manyazi akhala a dziko lonse. Sutikesi ya a Phiri inalibe kanthu. Ya a Lungu ndi yodzala, koma ndi mabotolo, ndipo kupanda kanthu kuja kwasamukila ku mutu wa mwini sutikesi, amene nyimbo imuonetsa ngati munthu wosadziwa poyambila kulamulila. Womvela amene adziwa nyimbo yoyamba amamva ziwili pa nthawi imodzi, ndipo yakale ndiyo imapatsa yatsopano mano.

Palinso ka "a" kaulemu kaja. Pilato sanatukwane. Anasunga ulemu wa Cinyanja, "a Lungu", monga mmene amai amaimbila pamtondo podzudzula amuna ao, mau aulemu koma munsi ukugwa mwamphamvu. Onjezaninso cimbuya. Mnyamata wa ku Ndola, amene nyimbo zake zambili ndi za Cibemba, anasankha Cinyanja ponyoza munthu amene makolo ake ndi a ku Petauke. Pa malilo, mbuya ali ndi ufulu wokupaka ufa ngakhale utavala suti, ndipo sukwiya. Boma silinaione conco. Mu June 2015 Pilato anamangidwa pa mlandu wocita zinthu zimene zingasokoneze mtendele. Mu July boma linausiya mlanduwo, koma pofika apo nyimbo inali italowa mu foni iliyonse. Kumanga woimba kunagwila nchito imene wailesi iliyonse sikanakwanitsa.

Nyengo nayonso inamuthandiza. A Lungu anapambana masankho a pa 20 January 2015 ndi 48.3 pelesenti, a Hakainde Hichilema n'kupeza 46.7 pelesenti, kusiyana kwa mavoti osafika 30,000. Pa kampeni anakamba kuti adzapitiliza masomphenya a Michael Sata, ndipo otsutsa anawagwila pakamwa kuti ndiye kuti alibe ao. Caka comweco madzi anacepa ku Kariba, malaiti anayamba kuzima maola ambili pa tsiku, ndipo kwacha inagwa koopsa. Wometa, wowochelela zitsulo ndi amai ogulitsa ma freezit anali kufuna wina woti awakambile mkwiyo wao. Pa kulimba mtima ndi pa kusankha nthawi, Pilato sindimupezela cifukwa.

Manje tiyeni tiike nyimbo pambali pa moyo weniweni wa munthuyo. A Lungu anabadwila ku Ndola pa 11 November 1956. Anaphunzila ku Mukuba Secondary ku Kitwe, ndipo mu 1981 anatenga digili ya zamalamulo ku UNZA. Anasewenza ngati loya, kuphatikizapo ku Barclays Bank ndi ku ZCCM. Mu 2010 bungwe la maloya la LAZ linawaimitsa nchito ya uloya atapezeka kuti anaphwanya malamulo a nchitoyo. Mu September 2011 anthu a ku Chawama anawasankha kukhala phungu wao pa tiketi ya PF. Nthawi yomweyo anasankhidwa kukhala waciwili kwa nduna mu ofesi ya waciwili kwa pulezidenti. Mu 2012 anakhala nduna ya za m'dziko, yoyang'anila apolisi. Kumapeto kwa 2013 anakhala nduna ya za citetezo, ndipo mu August 2014 anawaonjezela unduna wa zamalamulo ndi udindo wa mlembi wamkulu wa cipani. A Sata ponyamuka ulendo wao womaliza wa ku London, anasiya dziko m'manja mwa a Lungu.

Liu lakuti "anabwela" libisa msewu wonsewu. Limveka ngati munthu anangotulukila pa geti ya State House usiku umodzi, atasocela pocoka ku bala. Koma kumbukilani zimene zinacitika a Sata atamwalila pa 28 October 2014. A Guy Scott, amene anagwilizila upulezidenti, anacotsa a Lungu pa udindo wa mlembi wamkulu. Mu Lusaka munabuka cipolowe, ndipo m'mawa mwake anawabwezela. Pa 30 November, ku Mulungushi Rock ku Kabwe, a Lungu anasankhidwa mwa kukweza manja opikisana nao kulibe. Gulu lina linasankha a Miles Sampa, nkhani inapita ku khoti, ndipo amene anatuluka ndi cipani anali a Lungu. Munthu wosadziwa cimene acita sapambana nkhondo yotele. Apa ndiye nyimbo inatinamiza, ndipo tinakondwa kunamizidwa, cifukwa kuseka mtsogoleli kumapepuka kuposa kumuwelenga.

Cimene cimandipweteka kwambili ndi cakuti nyimbo ichula Chawama koma siifunsa kanthu za Chawama. A Lungu anali phungu wa delalo kwa zaka zitatu ndi miyezi inai. Nchito ya phungu ku Manda Hill ndi kupanga malamulo, kuvomeleza bajeti ndi kufunsa boma mafunso m'malo mwa anthu amene anamutuma. Koma malamulo athu amati nduna zicokele pakati pa aphungu, ndipo phungu akakhala nduna amaoloka kupita ku mbali yoyankha. Sangaimilile kufunsa boma cifukwa cake ngalande sizinakumbidwe, pakuti iye ndiye boma. A Lungu anakhala ku mbali yoyankha kuyambila paciyambi mpaka pamene anasiya mpando wa Chawama, umene a Lawrence Sichalwe anatenga pa masankho apadela mu 2015. Sindikukamba kuti sanacitile dela lao kanthu. Ndikukamba kuti pali funso limene linali la ife: phungu wathu akakwela, ife timakwela naye kapena timangotaya pakamwa pathu mu Nyumba ya Malamulo? Anthu a ku Kuku ndi ku Misisi, amene amakweza matilesi pa mabuloko mvula ikayamba, akanakonda kumva vesi imodzi yofunsa zimenezo.

M'malo mwake, Chawama mu nyimboyi igwila nchito yoseketsa. Timaseka cifukwa munthu wa mu komboni wapezeka pa malo amene si ake. Koma ndani amakhala mu komboni? Tinali kuseka adilesi yathu. Botolo nalonso ndi cimodzimodzi. Nkhani ya mowa inali kale pakamwa pa otsutsa, ndipo Pilato sanaipeke, koma anaisandutsa mutu wa nkhani. Wovota wa ku Chawama, wa ku Kanyama kapena wa ku Chipulukusu amene amamwa kake pa Cisanu sanamve ciweluzo. Anamva kuti uyu ndi mnzathu, ndipo a ma suti akumunyoza monga mmene amatinyozela ife. A kampeni ya PF anali kugulitsa cithunzi comweco, ca munthu wodzicepetsa wocokela pakati pa anthu wamba. Mu August 2016, "Dununa Reverse" ikulila pa ukwati uliwonse, a Lungu anapambananso ndi mavoti opitilila pang'ono theka. Sindinganene kuti nyimbo ya Pilato inawapatsa mavoti, koma mwala umene anaponya unagwela pa maziko a nyumba imene iwo anali kumanga.

Zimene zinabwela pambuyo pake sizinali za mu botolo. Zinali za pa pepala, nchito ya munthu wodziwa malamulo. Mu January 2016, pa Heroes Stadium, a Lungu anasaina malamulo aakulu a dziko okonzedwanso, amene anabweletsa lamulo lakuti wopambana apeze mavoti opitilila theka, ndiponso khoti yoona za malamulowo. Mu June caka comweco nyuzipepala ya The Post inatsekedwa pa nkhani ya misonkho. Mu April 2017 a Hichilema anamangidwa pa mlandu woukila boma, n'kukhala m'ndende miyezi inai. Mu April 2020 Prime TV inalandidwa laisensi. Mu October 2020 Bill 10 inagwa mu Nyumba ya Malamulo itapeza mavoti 105 pamene inafunika 111. Mu November Zambia inalephela kulipila ciwongoladzanja ca nkhongole ya Eurobond. Mu March 2021 kunabwela lamulo loyang'anila za pa intaneti. Kunalinso zooneka ndi maso zimene owakonda amaloza: misewu yodutsa pamwamba ya mu Lusaka, mlatho wa Kazungula, ndi nyumba yatsopano ya pa bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda. Ndipo atagonja mu August 2021 ndi mavoti pafupifupi 1 miliyoni, anapeleka mpando. Zabwino ndi zoipa zomwe, palibe cimodzi mwa izi cimene munthu angacimvetse pogwilitsa nchito cithunzi ca cidakwa cosocela.

Wina anganene kuti ndikuweluza nyimbo ya 2015 ndi zinthu za 2020, ndipo Pilato sanali mneneli. N'zoona. Koma zinthu zina zinali poyela kale mu 2015: uloya, nkhani ya LAZ, maunduna atatu, ndi mmene anatengela cipani. Wolemba mbili akadaona kuti sutikesi ija inali ndi mapepala. Anganenenso kuti nyimbo ya mphindi zocepa si buku, ndipo nthabwala imafuna cinthu cimodzi cogwilika. Ndivomela. Koma kusankha cinthu cimodzico ndiye nchito yonse ya wolemba. Nashil anasankha sutikesi yopanda kanthu, ndipo mu sutikesi imeneyo munakwana mbili yonse ya anthu opita ku migodi. Botolo ndi laling'ono. Mumakwana khalidwe la munthu mmodzi cabe.

Cosangalatsa n'cakuti Pilato mwiniwake anakula. Mu September 2017 anamangidwa pamodzi ndi a Laura Miti ndi anzao kunja kwa Nyumba ya Malamulo, potsutsa kugula magalimoto 42 ozimila moto pa mtengo wa madola 42 miliyoni. Kumapeto kwa caka cimeneco anatulutsa "Koswe Mumpoto", ya Cibemba, yokamba za khoswe amene walowa mu mphika. M'menemo diso lacoka pa zimene mtsogoleli amamwa, lapita pa zimene atsogoleli amadya, ndipo cakudyaco ndi cathu. Inatuluka pa nthawi imene kolela inali kupha anthu mu makomboni a Lusaka, mpaka Heroes Stadium, pomwe a Lungu analumbilila, inasanduka cipatala ca odwala. Nyimbo imeneyo inamutayitsa zambili. Anaopsezedwa, anathawila ku South Africa mu January 2018, ndipo pobwela mu May anamangidwa pa bwalo la ndeke. Ngati ndakatulo ya ndale, "Koswe Mumpoto" iposa inzake cifukwa imaloza cocita. "A Lungu Anabwela" iposa pa kukoma ndi pa kukumbukika. Vuto n'lakuti imene imakumbukika ndiyo imakhala mbili, monga mmene mphwanga uja anandionetsela.

Nkhani ya awiliwa inatembenuka mwa njila imene ngakhale wolemba sewelo akanaopa kulemba. Mu 2023 Fumba Chama, Pilato yemweyo, anasankhidwa kukhala mlembi wamkulu mu unduna wa acinyamata, maseŵela ndi zaluso. Nayenso anaoloka kupita ku mbali yoyankha. A Lungu anabwelela ku ndale, koma mu December 2024 khoti yoona za malamulo aakulu a dziko inagamula kuti sangaimenso. Atamwalila, mkangano wa pakati pa banja ndi boma pa za malilo ao unafika ku khoti ku Pretoria. Sindikuimba Pilato mlandu polandila nchito, pakuti woimba nayenso ali ndi ufulu wotumikila boma limene alikhulupilila. Ndikungokamba kuti mpando umene anasiya uli pululu. Lamulo loletsa kunyoza pulezidenti linacotsedwa mu December 2022, ndipo cimeneco ndi cinthu cabwino. Koma mu April 2025 kunasainidwa malamulo atsopano a za pa intaneti, amene mabungwe ambili, kuphatikizapo LAZ, anadandaula nao. Amene muli ndi situdiyo mu cipinda cogona muyenela kuwawelenga musanatumize nyimbo pa WhatsApp.

Kwa inu oimba ndi olemba a mu komboni, phunzilo ndi ili. Tengani kwa Pilato kulimba mtima, ulemu wokhala ndi mano, ndi nzelu yobweleka nyimbo ya agogo kuti inyamule nkhani ya adzukulu. Koma musayembekeze kuti munthu afike ku State House kuti muyambe kumulemba. Pulezidenti aliyense amene anacokela ku Nyumba ya Malamulo anayamba ngati dzina pa posita ya pa khoma la grocery ya kwanu. Mu bajeti ya 2022 ndalama za citukuko ca dela lililonse, CDF, zinakwela kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni. Kodi mudziwa amene ali mu komiti yogawa ndalamazo kwanu? Kodi phungu wanu anavota bwanji pa malamulo a intaneti? Anafunsapo funso lanji ku Manda Hill? Zimene aphungu amakamba m'nyumbamo zimalembedwa, ndipo zimaulutsidwa pa wailesi ndi pa TV. Zinthu zolembela nyimbo zilipo, ndipo n'zaulele. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko.

"A Lungu Anabwela" idzakhalabe imodzi mwa nyimbo zofunika za nthawi yathu, ndipo ndikulimbikitsa amene simunaimve kuti muifune, muyambe ndi ya Nashil kenako mumve ya Pilato. Muzaseka, ndipo palibe colakwika. Mukatha kuseka, funsani mkulu wina wa ku Chawama amene anaima pa mzele mu September 2011 kuti anavotela ciani, ndipo analandila ciani. Yankho lake, kaya ndi loyamika kaya lodandaula, ndilo vesi imene ikusowa mu nyimboyi. Mphwanga uja ndinamupatsa nchito imeneyo. Anapita kwa amai ena ogulitsa tomato pa msika, ndipo anabwela ndi mapeji atatu a mu kope, odzala ndi nkhani za ngalande, za cipatala ndi za ma kada. Mu mapeji onse atatu munalibe botolo ngakhale limodzi.